Kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Zanzibar pa boti n'kubwerera tsiku lomwelo

Aliyense amene amakaoda katundu ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, akulidziwa tsiku lopanda chochita lija. Katundu wagulidwa, wamangidwa, waperekedwa kwa anyamata a basi, koma basiyo inyamuka mkuja. Mumangogona pa bedi m'chipinda chotentha, fani ikuzungulira, ndalama zikuthera mu chipisi ndi soda. Pamenepo m'pamene wina pagulu amati, "Asisi, bwanji tikaone Zanzibar? Akuti ndi pafupi pompa."

Kufupika n'kufupikadi, makilomita pafupifupi 70 a panyanja, maola awiri pa boti lothamanga. Koma mwa anthu a ku Lilongwe amene ndawaona akuyesa ulendowu, ochepa okha amabwerako akusekerera. Ena amafika pa doko dzuwa litakwera kale, ena amagulitsidwa tikiti yosagwira ntchito, ena boti lomaliza limawasiya n'kugona kutsidya pamene katundu wawo ali pa basi ku Dar. Chimene chimawagwetsa onsewa n'chimodzi: amaukonza ulendo kuyambira pa kunyamuka. Ulendo wa tsiku limodzi umakonzedwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa boti lomaliza.

## Zoti mukhale nazo musanachoke ku Lilongwe

- Pasipoti yotsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi kuti ithe. Mmalawi safunika viza polowa m'Tanzania kukacheza. Kapepala kowolokera pa chipata kamene anthu a ku Karonga amakagulira zinthu ku Kyela sikakufikitsani ku Zanzibar.
- Inshuwalansi ya ku Zanzibar. Kuyambira pa 1 October 2024, boma la Zanzibar limafuna kuti mlendo wochokera kunja agule inshuwalansi ku Zanzibar Insurance Corporation, ngakhale ali nayo kale ina. Mtengo umene unalengezedwa mu 2024 unali madola 44 munthu wamkulu. Imagulidwa pa intaneti, ndipo amakutumizirani chiphaso chokhala ndi QR code.
- Kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever, ngati muli nayo. Malawi sali m'gulu la mayiko a matendawa, koma kadiyo ikakhala m'manja mafunso a pa chipata amafupika.
- Mashilingi a ku Tanzania. Kwacha ilibe ntchito ku Dar, ku Zanzibar ndiye sakuidziwa n'komwe.
- Foni yodzaza moto. Tchaja chanu cha mano atatu chikwanira m'makoma a kumeneko, musagule china.
- Chitenje chimodzi kwa amayi, kapena ziwiri. Abambo, buluku lalitali kapena kabudula wofika m'mawondo.
- Mankhwala oletsa mseru paulendo. Funsani ku famase ku Lilongwe konkuno, komwe mungamvane bwino ndi wogulitsa.
- Cholembera, botolo la madzi, ndi kachikwama kamodzi kakang'ono kansalu. Majumbo asiyeni: Tanzania inaletsa matumba apulasitiki kuyambira pa 1 June 2019.

Tiwerengeretu ndalama, chifukwa apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Kwa zaka zingapo tikiti ya Economy ya mlendo yakhala pa madola 35 ulendo umodzi. Kupita ndi kubwerera, kuphatikiza inshuwalansi, mwafika kale cha m'ma madola 100 musanadye kanthu. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira ku Lilongwe masiku ano, imeneyi si ndalama yoponya m'madzi chifukwa cha kutengeka. Ngati ikuchokera pa mpamba wa geni, khalani pansi ku Kariakoo konko. Ngati munaisungira padera, pitirizani kuwerenga.

## 1. Sankhani tsiku musanagule tikiti ya basi

Basi zochokera m'tauni ya Lilongwe, cha ku Devil Street, zimadutsa Kasungu, Mzuzu, Chiweta, Karonga, kuwoloka pa Songwe, kenako Mbeya, Iringa, Mikumi, Morogoro mpaka Dar es Salaam. Ndi ulendo woposa tsiku lathunthu. Tsiku limene mwafika si lokwera boti, miyendo imakhala itatupa ndipo mutu ukuyendabe ngati muli pa mpando. Tsiku lomaliza nalonso ayi.

Ikani Zanzibar pakati, ndipo pakhale tsiku limodzi lopanda kanthu pakati pa boti ndi basi yobwerera kwathu. Nyanja ikakwiya maboti amachedwa kapena kuimitsidwa, ndipo basi ya ku Lilongwe sidikira munthu amene watsekeredwa kutsidya. Okwera ndege kuchokera pa Kamuzu International Airport, lamulo ndi lomweli.

Nyengo nayo muiganizire. Mphepo imene ku Nkhata Bay ndi ku Likoma timaitcha mwera, kumeneko amaitcha kusi, ndipo imawomba miyezi yomweyo, makamaka June mpaka August. Amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera akudziwa chimene ndikunena. March mpaka May ndi nyengo ya mvula yaikulu. Lachisanu masana masitolo ambiri m'tauni ya Zanzibar amatseka kaye anthu akapita ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan malo odyera ambiri satsegula masana.

Chenjerani: pa chipata cha Kasumulu, mbali ya Tanzania, onani masiku amene akulemberani pa chidindo musanachoke pa windo. Awerengeni ndi Zanzibar yemwe.

## 2. Sinthani wotchi, kenako phunzirani wotchi yachiwiri

Mukangowoloka mlatho wa Songwe, nthawi yapita patsogolo ndi ola limodzi. Ku Lilongwe ikakhala 6 koloko, ku Dar ndi 7 koloko. Foni imene ili ndi layini ya kwathu yokha nthawi zina imakakamira nthawi ya ku Malawi, alamu n'kulira boti litanyamuka kale. Isintheni ndi manja.

Imeneyo ndi yophweka. Yovuta ndi iyi: m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba, *saa moja asubuhi*. 9:30 m'mawa ndi *saa tatu na nusu*. 12:30 masana ndi *saa sita na nusu*. Ndipo 4 koloko madzulo ndi *saa kumi jioni*.

Liwu la *kumi* limeneli ndi msampha kwa munthu wolankhula Chichewa, chifukwa khutu limamva "khumi". Ulendo wanga woyamba ndinali ndi alamu anga. Titatsika ku Zanzibar iwo anafunsa mnyamata wina wa pa doko kuti boti lomaliza linyamuka nthawi yanji, iye n'kuyankha kuti *saa kumi*. Alamu anatembenuka nkhope ili ngwee: "Mlamu, tili ndi nthawi mpaka 10 koloko usiku. Tidya nsomba zootcha za m'mbali mwa nyanja zija." Tinayenda mosatekeseka, tikuima pa khomo lililonse. Chimene chinatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa zokometsera ndiwo pa msika wa Darajani, amene atamva kuti tibwerera ku Dar tsiku lomwelo analoza wotchi ya pa khoma n'kukuwa. Inali 3:20. Tinathamanga ngati tathyola m'sitolo, alamu nsapato ili m'manja.

Njira yake ndi yachidule: munthu akakuuzani nthawi m'Chiswahili, wonjezerani 6 kapena chotsani 6. Mukakayika, mupatseni foni alembe manambala, kapena khulupirirani zimene zalembedwa pa tikiti.

## 3. Gulani matikiti onse awiri dzulo lake, pa ofesi yeniyeni

Doko la maboti a ku Zanzibar lili pa Sokoine Drive, moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika cha St Joseph. Tchalitchicho ndiye chizindikiro chanu. Kuchokera ku Kariakoo ndi mtunda woti munthu wozolowera kuyenda kuchoka ku Area 2 kupita ku Area 3 angauyende wapansi, koma kutentha kwa Dar si kwa ku Lilongwe, kwerani bajaji, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija.

Mukakwera musangonena kuti "feri". Kwa anthu a ku Dar, Feri ndi ku Kivukoni, pafupi ndi msika wa nsomba, komwe kuli chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto kupita ku Kigamboni, ulendo wa mphindi zochepa. Woyendetsa akakutsitsani kumeneko sanalakwe, mwalakwa ndinu. Nenani *boti za Zanzibar*.

Kampani yodziwika kwambiri ndi Azam Marine, imene maboti ake amatchedwa Kilimanjaro. Palinso Zan Fast Ferries. Ali ndi maofesi awo pa doko pomwepo, okhala ndi mawindo, makompyuta ndi antchito ovala yunifolomu. Matikiti amagulidwanso pa intaneti.

Musanafike pa khomo la ofesi mukumana ndi madobadoba. Amene anakapangitsapo laisensi kapena pasipoti ku Lilongwe sadzawasowa, nkhope ndi zina koma ntchito ndi yomweyo. Akulandirani musanatsike n'komwe bajaji: ofesi yatseka, boti ladzaza, tabwerani kuno kuli yotchipa. Yankho ndi *hapana, asante*, maso kutsogolo, miyendo isaime. Musapereke pasipoti kwa munthu amene waima panja pa windo.

Chinyengo chawo chachikulu chagona pa mitengo iwiri. Nzika ndi anthu okhala m'Tanzania amalipira mtengo wotsika, alendo amalipira wokwera. Dobadoba amakuyang'anani, n'kuona kuti khungu ndi limodzi ndi la iwo, n'kukugulirani tikiti ya nzika, yotsalayo n'kuika m'thumba. Pa geti amafuna chiphaso chogwirizana ndi tikiti. Mukatulutsa pasipoti ya Malawi, tikitiyo yafa, dobadoba wasowa.

Pa windo chitani izi:

1. Perekani pasipoti, nenani kuti mukufuna boti loyamba la m'mawa ndi boti lomaliza lobwerera, tsiku lomwelo.
2. Sankhani kalasi. Economy ndi yokwanira. Makalasi apamwamba ali ndi mipando yofewa ndi mphepo yozizira kwambiri, koma mafunde ndi omwewo ndipo mufika nthawi imodzi.
3. Lipirani, landirani lisiti.
4. Musanachoke, werengani dzina, tsiku ndi nthawi pa matikiti onse awiri. Mayina athu a "Mph" ndi "Nkh" amawalemba mmene awamvera.

Kwa zaka zambiri boti loyamba lakhala likunyamuka 7 koloko m'mawa, ndipo lomaliza kuchoka ku Zanzibar cha m'ma 4 koloko madzulo. Nthawi imene yasindikizidwa pa tikiti yanu ndi imene muitsate.

Tikiti yobwerera musaisiye kuti mukagula konko. Boti lomaliza ndi limene aliyense amalifuna, makamaka Loweruka, Lamulungu ndi masiku a zikondwerero za Eid.

Wina angakuuzeni za zombo zotchipa zoyenda usiku, kapena ngalawa za matanga zonyamuka m'madoko ang'onoang'ono. Pa ulendo wa tsiku limodzi zilibe ntchito, ndipo nyanja imeneyi inameza kale anthu: MV Spice Islander I inamira mu September 2011, MV Skagit mu July 2012. Kwerani boti la kampani yodziwika, loti muli ndi mpando wanu.

## 4. Malizani za inshuwalansi ndi ndalama usiku womwewo

Gulani inshuwalansi pa webusayiti ya Zanzibar Insurance Corporation, osati pa linki imene wakutumizirani munthu pa WhatsApp. Mukalemba dziko lanu ndi zaka zanu, mtengo wanu utuluka pomwepo. Chiphasocho chijambuleni chikhale m'zithunzi za mufoni, ndipo ngati pali posindikizira pafupi, sindikizaninso papepala. Pa doko netiweki imavuta nthawi imene anthu mazana atsika limodzi aliyense akufuna kutsegula imelo.

Kwacha yotsala isintheni pa chipata cha Songwe musanalowe mkati mwa Tanzania. Ngati mwanyamula madola, akhale atsopano ndi osang'ambika, akale amawakana m'malo osinthira ndalama. Kuyambira mu 2025 malamulo a Tanzania amafuna kuti malonda a m'dzikomo azilipiridwa m'mashilingi, choncho sinthiranitu ku Dar. Phwanyani ndalama zikuluzikulu mukhale ndi za 1,000 ndi 2,000 zambiri. Gawani pawiri: zodyera m'thumba, zogonera ngati zinthu zitavuta m'kachikwama ka mkati mwa zovala.

## 5. M'mawa wa ulendo

Fikani pa doko 6 koloko, ola lathunthu boti lisananyamuke. Pali mzere woonetsa tikiti, pali makina ounikira zikwama, kenako chipinda chodikirira. Wa bajaji mupanganeni dzulo lake ndipo mtengo muumalize musanakwere.

Idyani pang'ono, tiyi ndi chapati imodzi kapena buledi. Mimba yopanda kanthu imachita mseru, yodzaza chipisi ndi mazira imachita zoposa pamenepo. Mankhwala a mseru amweni nthawi imene yalembedwa pa paketi, osati mafunde atayamba. Ambiri amagonetsa, ndiye musawonjezere mlingo.

Onyamula katundu a pa doko adzakuthamangirani. Muli ndi kachikwama kamodzi, simukuwafuna.

M'boti khalani chapakati kapena chakumbuyo, kutsogolo n'kumene kumadumpha kwambiri. Onani pamene pali majekete opulumutsira ndi khomo lapafupi. Chizungulire chikayamba, ikani foni m'thumba, yang'anani kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Antchito amagawa timatumba tosanziramo. Landirani, musachite manyazi, ndaonapo abambo a masuti akuitanitsa kachiwiri.

Ngati mtima uli m'malo, mphindi zoyambirira n'zokoma. Boti limatuluka pa kamwa ka doko, sitima zikuluzikulu za makontena zitaima panja kudikira malo. Magalimoto ambiri amene amadzaza msewu wa M1 pa Kanengo analowera pa doko limeneli.

## 6. Potsika: pasipoti m'manja

Zanzibar inalumikizana ndi Tanganyika pa 26 April 1964 kupanga Tanzania, koma ili ndi boma lakelake ndipo imayang'ana alendo payokha. Choncho ngakhale munadinditsa kale pa Kasumulu, pa doko la Zanzibar, m'dera la Malindi, mudutsanso kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Nzika zimadutsa mbali ina, inu tsatirani mzere wa alendo. Lembani kafomu kolowera, onetsani pasipoti ndi chiphaso cha inshuwalansi. Akafunsa kumene mukagone, nenani kuti mubwerera lero, muonetse tikiti yobwerera.

Musatsatire khamu la nzika n'kutuluka osaonedwa, poganiza kuti mwachenjera. Madzulo pobwerera mudzafunsidwa mmene munalowera.

Tsopano werengani. Mwatsika cha m'ma 9 koloko, mwatuluka pa geti cha m'ma 9:30. Muyenera kukhala mutabwerera pa geti lomweli 3 koloko. Muli ndi maola asanu ndi theka. Ikani alamu ya 2:30 pomwepo, musanaponde msewu.

## 7. Maola asanuwo muwadye bwanji

Panja pa geti pali gulu lina la madobadoba, kumeneko amawatcha *papasi*. Adzakulonjezani magombe a Nungwi ndi Kendwa, minda ya zokometsera ndiwo, chilumba cha akamba akuluakulu cha Changuu. Malo onsewa alipodi ndipo ndi okongola, koma si a lero. Ku Nungwi ndi kumpoto kwenikweni kwa chilumba, kupita ndi kubwerera pa galimoto kukudyerani maola atatu. Ku Changuu mumadalira kaboti ka munthu wina kuti kakubwezeni pa nthawi yake. Ndipo kunena zoona, munthu amene anasambapo ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear sakufunika kulipira madola 100 kuti akaone mchenga. Chimene kwathu kulibe ndi tauni yakaleyo, Stone Town, eni ake amati Mji Mkongwe, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo osungidwa mu 2000. Ili pakhomo penipeni pa doko ndipo yonse imayendeka wapansi.

9:30 mpaka 10:30, m'mbali mwa nyanja. Potuluka pa geti khoterani kumanja mu Mizingani Road, nyanja ikhale kudzanja lanu lamanja. Mudutsa Old Dispensary ya makhonde osemasema, nyumba yakale ya ma Sultan, kenako Beit al-Ajaib imene Sultan Barghash anamanga mu 1883. Mbali ina ya nyumbayi inagwa mu December 2020. Pambali pake pali linga lakale, Ngome Kongwe, ndipo kutsogolo kwake ndi munda wa Forodhani. Msika wotchuka wa zakudya wa pa Forodhani umayamba dzuwa likamalowa, inu mudzakhala muli panyanja. Ingovomerezani.

10:30 mpaka 12:30, m'tinjira ndi ku Mkunazini. Kuseri kwa linga kumayamba tinjira topapatiza, tina toti mutatambasula manja mukhudza makoma onse awiri. Galimoto sizilowa, koma njinga zamoto zimatulukira pakona mosachenjeza, mukamva hutala kanirirani kukhoma. Mapu a mufoni amasokonezeka muno. Mudzasochera, ndipo si vuto: tauniyo ndi yaing'ono, mbali ina nyanja, mbali ina msewu waukulu wa Creek Road. Yang'anani zitseko. Ndi zamatabwa olemera, zosemedwa maluwa ndi unyolo m'mphepete, zina zili ndi misomali ikuluikulu yamkuwa yotuluka ngati minga.

Funsani njira ya ku Mkunazini, ku tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Ngati pali malo amodzi amene Mmalawi ayenera kukhalitsapo, ndi amenewa. Tchalitchicho chinamangidwa pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo anachokera kwathu kuno. A Jumbe a ku Nkhotakota ankawawolotsa nyanja yathu pa ngalawa, kenako ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, n'kukwezedwanso m'zombo kupita ku Zanzibar. Mtunda umene inu mwaudandaula pa mpando wa basi, iwo anauyenda atamangidwa m'khosi.

Lipirani polowera, mutenge wokuonetsani malo wa pomwepo. Akulowetsani m'tizipinda tapansi, denga lake lotsika moti munthu wamtali amawerama, mawindo ake timing'alu chabe. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo. M'tchalitchimo muli mtanda waung'ono wopangidwa ndi mtengo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone ku Chitambo, m'Zambia. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA amene anamanga tchalitchichi ndi omwe anadzakhazikitsa mishoni ya ku Likoma. Ndipo kazembe wa Britain amene anakakamiza Sultan kutseka msikawo ndi John Kirk, mwini dzina la mapiri a Kirk Range amene timawaona ku Ntcheu. Alamu anga, amene amalankhula ngakhale ali m'tulo, anatuluka m'tizipindamo ali chete mpaka pa msewu.

12:30 mpaka 1:30, chakudya. Pafupi ndi Mkunazini pali malo odyera a eni dera, kumene mumaloza chimene mukufuna. Pilau kapena biriani ndi nsomba sizikhumudwitsa. Yesaniko urojo, msuzi wachikasu wowawasa wokhala ndi mbatatesi ndi timabajiya, ndi madzi a nzimbe ofinyidwa inu mukuona. Zakudya za m'nyanja zimene simunadyepo, monga pweza wa miyendo isanu ndi itatu uja, musaziyambire lero, kutsogoloku kuli mafunde a maola awiri. Malo oyang'ana kunyanja okhala ndi nsalu zoyera pa tebulo ndi a alendo a madola, ndipo chakudya chimachedwa.

1:30 mpaka 2:30, msika wa Darajani. Uli pa Creek Road, mphindi zochepa kuchokera pa tchalitchi. Apa m'pogula zokometsera ndiwo: karafuu (cloves), mdalasini (cinnamon), iliki (cardamom) ndi pilipili manga (black pepper). Timapaketi tokongoletsedwa ta alendo tisiyeni, pitani kwa amene akuyeza pa sikelo, komwe akugula amayi a konko. Nunkhizani musanalipire. Kunenerera mukukudziwa kale kuchokera mu msika wa Lilongwe ndi ku Tsoka: *bei gani?* kufunsa mtengo, *punguza* kuti atsitse. Darajani ndaiika kumapeto dala, chifukwa kuchokera pamenepo kutsata Creek Road kulowera ku Malindi mufika pa doko m'mphindi 15 popanda kulowanso m'tinjira.

## 8. Ulemu wa kwa eni ake

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo tauniyo ndi mudzi wawo, si malo ojambulirapo zithunzi chabe. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa. Amayi, chitenje chimamaliza nkhani yonse. Kwa wamkulu moni ndi *shikamoo*, iye ayankha *marahaba*. Perekani moni musanafunse njira, monga timachitira kumudzi. Musajambule munthu osapempha, makamaka amayi ndi ana, ndipo pa doko ndi pa nyumba za boma foni ikhale m'thumba. M'mwezi wa Ramadan musadye kapena kumwa poyera masana. Mu mzikiti musalowe ngati simunaitanidwe.

## 9. Kubwerera

Alamu ya 2:30 ikalira, lipirani chimene chili m'manja, nyamukani. Osati "tione sitolo imodzi yokha iyi". Mukasokonekera funsani wa m'sitolo, osati woyenda mumsewu: *bandarini ni wapi?*

Pa doko mudutsanso poonetsa pasipoti ndi pounikira zikwama, ndipo mzere wa madzulo ndi wautali kuposa wa m'mawa. Ngati mankhwala anu amalola kumwanso, ino ndi nthawi yake. Ulendo wobwerera nthawi ya kusi ndi umene umavuta kwambiri, chifukwa boti limalimbana ndi mphepo maso ndi maso ndipo madzulo mafunde amakhala atakula.

Mufika ku Dar cha m'ma 6 koloko, mdima uli pafupi, misewu itadzaza. Foni musaitulutsire pa geti pakati pa chikhamu. Itanani galimoto pa pulogalamu ya mufoni ya Bolt mukadali mkati, kapena pitani kwa wa bajaji wa m'mawa uja ngati munatenga nambala yake.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukwera boti lachiwiri. Kunyamuka 9:30 kumaoneka ngati kusiyana pang'ono, koma mutuluka pa geti la Zanzibar 12 koloko, kutsala maola atatu. Mtengo ndi womwewo.

Kusiya pasipoti ku malo ogona poopa kuti ibedwa. Popanda iyo simukwera n'komwe.

Kunyamula ndalama zonse za geni. Zisiyeni zitatsekeredwa bwino ku Dar, kapena malizani kuoda musanapite.

Kupita chigulu opanda pangano. Anthu asanu ndi mmodzi m'tinjira ta Stone Town amabalalika m'mphindi khumi, wina watsalira pa nsalu, wina pa mafuta onunkhira. Aliyense asunge tikiti ndi pasipoti yake, osati zonse m'chikwama cha "amayi a gulu". Panganani kuti wosochera akapezeke pa geti la doko 3 koloko, ndipo amene wafika alowe, asadikire panja.

Kulola munthu kukutsogolerani osapangana mtengo. Amayamba ngati wokuthandizani njira, amayenda nanu ola lathunthu, pamapeto n'kutchula ndalama yoti mukanadya masiku awiri. Ngati mukumufuna, mtengo pachiyambi. Ngati simukumufuna, muuzeni pa sitepe yoyamba.

Kudalira layini ya kwathu. Intaneti ya layini ya ku Malawi imadya mayunitsi ngati moto wa m'tchire. Gulani layini ya Vodacom, Airtel, Yas kapena Halotel ku Dar, amalembetsa ndi pasipoti, ndipo imagwira mpaka ku Zanzibar.

Boti likakusiyani, musathamangire ngalawa ya usiku imene wina akulozerani. Pitani pa windo la kampani nthawi yomweyo mukafunse za boti loyamba la mawa, pezani chipinda m'dera la Malindi pafupi ndi doko ndi ndalama zija munabisa mkati mwa zovala, imbirani anzanu ku Kariakoo kuti ayang'anire katundu. Kenako pitani ku Forodhani, nyale zikhala zitayatsidwa ndipo nsomba zili pamoto.